Mbewu ya Mpunga M'mimba mwa Rukiya

Rukiya wa ku Lifuwu anali ndi ntchito zitatu m'mawa umenewo. Kusesa pakhomo. Kutsuka makapu. Kuthandiza abambo kuviika mbewu ya mpunga.

Anasesa. Anatsuka. Kenako anathamangira kwa abambo ake, a Binali.

Abambo anamiza thumba la mbewu m'beseni la madzi.

"Mbewu ikamwa madzi, imamera," anatero abambo.

Rukiya anatola kambewu kamodzi. Anafuna kukasenda ndi mano. Kambewu kanaterereka. Kanatsika kummero.

"Ababa, ndameza mbewu!"

Abambo anaseka. "Basitu, munda tapeza! Ukangomwa madzi, mpunga utulukira m'khutu."

Rukiya sanaseke. Anagwira khutu ili. Anagwira khutu linalo.

Dzuwa linakwera. Kunja kunatentha. Rukiya anakana tiyi. Anakana madzi. Milomo yake inauma.

Amayi anali pakhonde. Ankatumbula chambo.

"Iwe Rukiya, madzi ako sunamwe. Bwanji?"

"Ndikamwa, mpunga umera m'mimba."

"Wakuuza ndani?"

"Ababa."

"Abambo a Rukiya!" anaitana amayi. "Tabwerani mudzaone ntchito yanu!"

Abambo anabwera akukanda m'mutu.

Amayi anasamba m'manja. Anapatsa Rukiya chinangwa chophika.

"Tafuna. Usameze msanga."

Rukiya anatafuna. Anatafuna. Anatafunabe.

"Amayi, chayamba kutsekemera!"

"Eya. Mano asinja. Malovu ayamba kugaya. Meza tsopano."

Rukiya anameza.

"Chatsika kummero," anatero amayi. "Chafika m'chifu. Chifu ndi kathumba ka m'mimba. Muli madzi owawasa kuposa ndimu. Chifu chimakanya chakudya mpaka chikhale ngati phala."

"Kenako?"

Amayi anakoka matumbo a chambo. Anakoka. Anakoka. Matumbo osatha!

"Mayo! Onsewa anali m'kansomba aka?"

"Onsewa. Ako ndi aatali kuposa awa. Anangopindika bwinobwino m'mimbamo."

Rukiya anasisita mimba yake.

"Phala lija limalowa m'matumbo," anatero amayi. "Matumbo amayamwa zabwino zonse. Amazipatsa magazi. Magazi amazinyamula. Zina kumiyendo. Zina kumanja. Zina kumutu. Mphamvu yosesera ija imachokera kumeneko."

"Nanga mbewu yanga?"

"M'mimba mulibe dothi. Mulibe dzuwa. Mbewu singamere. Zimene thupi silikufuna zimatuluka ukapita kuchimbudzi. Koma popanda madzi siziyenda bwino."

Rukiya anayang'ana kapu ya madzi. Anayang'ana abambo.

"Zoona, ababa?"

"Zoona, mwana wanga. Ndimangocheza. Pepa."

"Kucheza kwanuko!" anatero amayi. "Mwana wauma kukhosi. Lero mbale mutsuka ndinu."

Rukiya ananyamula kapu ndi manja awiri.

"Bismillah," anatero.

Anamwa kapu imodzi. Anamwa ina. Anamwanso ina.

Panapita masiku atatu. Abambo anamasula thumba lija. Mbewu yonse inali itamera timizu toyera.

Rukiya anathamangira kwa amayi.

"Amayi, tayang'anani m'khutumu."

Amayi anasuzumira khutu ili. Anasuzumira khutu linalo.

"Muli chiyani, amayi?"

"Fumbi lokhalokha. Tiye ukasambe."

Rukiya analumpha. Abambo anaseka. Ulendo uno naye Rukiya anaseka.

Zimene zinapita pa nkhaniyi ndi izi. Kambewu kamodzi ka mpunga. Chidutswa chimodzi cha chinangwa. Tiyi amene anazizira m'kapu. Makapu atatu a madzi.

Ndipo mbale zonse za tsiku lija anatsuka abambo. Ndi poto yemwe.