Zimene Zinabisika M'munsi mwa Khoma la Kochapira

Sabata yonse ija nkhani inali m'kamwam'kamwa. Akuti kunyumba yakale yochapira kumamveka anthu akumenyetsa nsalu pamwala usiku, chonsecho mipope yake inauma ine ndisanabadwe. Bambo wogulitsa makala analumbira kuti anamva ndi makutu ake. Mkazi wake anati mwamunayo akamachokera kumowa amamva ngakhale nyerere ikutsokomola. Ife kusukulu tinkangofa nazo kuseka. Koma zimene zinawachitikira azakhali anga musaseke nazo, chifukwa ndinazimva ndekha akuwauza amayi, ine ndili kuseri kwa katani ngati ndikusesa.

Azakhali ndi mmisiri womanga, amagwira ntchito kukhonsolo. Nyumba yochapirayo inali yoti igwetsedwe Lachisanu m'mawa kuti pamalopo pakhale poimika magalimoto. Amayi ena a m'tauni anakadandaula. Anati m'nthawi ya atsamunda, akazi amene ankachapa zofunda za kundende ankabisa makalata m'mapindiro a nsalu, kuwafikitsa kwa omenyera ufulu amene anali m'kati, n'kutulutsanso mayankho. Nyumba yotero, iwo anati, siingaphwasulidwe ngati khola la nkhuku. Abwana a kukhonsolo anayankha kuti nkhani za pakamwa aliyense akhoza kupeka. Pakapezeka dzina kapena kalikonse kolembedwa, nyumba itsala. Popanda zimenezo, igwa. Ndiye anatuma azakhali kuti akafufuze, kenako asaine pepala lovomereza kuti igwetsedwe.

Masiku atatu anagogoda makoma ndi mpini wa hamala. Amisiri amatero: pulasitala womatidwa pamwamba pa khoma lakale amalira mosiyana, ngati kumbuyo kuli mphako. Anagogoda pamwamba pa zitseko, m'mbali mwa mawindo, mpaka anakwera makwerero kukayang'ana mitanda ya denga. Sanapeze kanthu.

Lachinayi anakhala muofesi mpaka mdima, pepala lili patebulo, cholembera chikukana kugwira. Mmene amatuluka, minibasi yomaliza inali itapita kale. Anaika pepala m'chikwama cha zipangizo n'kuuyamba wapansi. Njira yachidule yobwerera kwathu imadutsa pakhomo penipeni pa nyumba ija.

Magetsi a mumsewu anathera pakona. Kutsogolo kunali bii. Chikatapila chogwetsera nyumba chinali chitaimikidwa kale panja, chitatukula mkono wake m'mwamba. Azakhali anawonjezera liwiro.

Kenako anamva fungo. Sopo. Sopo ndi makala a m'simbi.

Phwa... phwa... phwa...

Anaima. Phokoso nalo linaima. Anaponya phazi. Linayambanso, ndipo tsopano linali pafupi.

Pakhomo panali munthu!

Anali mzimayi wamfupi, mtolo wa nsalu zoyera uli pamutu. Manja ake anali ndi thovu mpaka m'zigongono, madzi akudontha. Koma pansi pamene amadonthera panali pouma. Pamkono wamanzere anali ndi chipsera chosongoka ngati mphuno ya simbi.

Azakhali anapereka moni. Mayiyo anangoyang'ana hamala imene imasuzumira m'chikwama.

"Mwagogoda bwino, mayi," anatero motsitsa. "Koma mwagogoda choimirira. Ife tinkagwira ntchito titagwada."

Azakhali anamufunsa kuti ndi ndani, nanga akuchapa za yani usiku ngati uno. Iye anakonza mtolo wake pamutu.

"Zisanaume sindingapite," anatero. Analowa m'nyumba muja.

Chitseko sichinatseguke. Loko anali pomwepo, ndipo kiyi anali m'thumba mwa azakhali...

Ndikanakhala ine, mukanandipeza kwathu ndili pansi pa bedi, nsapato nditazisiya panjira. Koma azakhali ndi munthu wina. Akuti mantha analipo ndithu, koma mawu aja anawalasa paumisiri wawo. Masiku atatu onse sanagwadepo n'kamodzi komwe! Anatsegula loko, nayatsa tochi ya pafoni. M'kati munalibe munthu. Munali fumbi, ndi zomwera zazitali za simenti zimene ankachapiramo. Anagwada pafupi ndi chomwera choyamba, pomwe wochapa akanagwada, nagogoda khoma m'munsi mwenimweni.

Linalira mphako.

Anatenga tchizulo. Pulasitala anagwa chigamphu chachikulu ngati chikhatho. Pansi pake, pa njerwa, panali timizere tozokotedwa ndi msomali: kamtanda kokhala ndi madontho awiri, kamwezi, timizere titatu topingasa, kaphazi ka mbalame. Anapitiriza kupala. Tizizindikiro tinkangotuluka, m'ndandanda umodzi, khoma lonse. Kunja kumacha ali chogwada.

M'mawa abwana anafika ndi dalaivala wa chikatapila, n'kupeza azakhali ali mbuu ndi fumbi, pepala losasaina lili m'manja. Nkhani inali itandipeza kale, ndiye ndinathawa phunziro loyamba, musawauze amayi. Anthu anali atadzaza. Abwana anawerama pang'ono, osafuna kudetsa buluku, nati zimenezo n'zokandakanda za ana, palibe chilembo ngakhale chimodzi. Anauza dalaivala kuti alize injini. Azakhali anati ngati ntchito yawo ithere pomwepo ithe, koma sasaina.

Pamenepo amayi odandaula aja anabwera ndi gogo wina pa njinga ya olumala. Gogoyu amakhala kuseri kwa msika, ndipo ife timangomudziwa kuti ndi wokalipa, uja amalanda mpira ukagwera pabwalo pake. Anapempha kuti amutsitse. Anthu awiri anamugwira m'mikono, iye n'kugwada movutikira, nayendetsa chala pa njerwa zija.

Anafotokoza kuti ambiri mwa iwo sankadziwa kulemba. Wochapa aliyense anali ndi chizindikiro chake chimene ankasoka ndi ulusi pakona ya nsalu, kuti kapitawo adziwe amene wachapa. Ndiye aliyense wovomera kunyamula makalata ankazokota chizindikiro chomwecho pakhoma, m'munsi, poti asilikali sankawerama kuyang'ana pamene mkazi wagwada. Kenako anayamba kuwerenga. Chala pa kamwezi, natchula dzina. Chala pa timizere, natchula lina, ndi ana amene mayiyo anasiya. Mzimayi wina m'gulumo anayamba kulira, akuti amenewo ndi agogo ake. Chala chitafika pa kaphazi ka mbalame, gogo uja anaseka.

"Aka ndi kanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali wokongola kuposa nonsenu."

Mayina anakwana makumi atatu ndi anayi. Abwana anavula chipewa. Dalaivala anazimitsa yekha injini, osauzidwa.

Anthu atayamba kubalalika, azakhali anakhala pansi pafupi ndi gogoyo, namufunsa monong'ona za mzimayi wamfupi wa chipsera cha simbi pamkono wamanzere. Gogo anaika chala pa kamtanda ka madontho awiri, koyambirira m'ndandanda.

"Tinkamutcha Kafupi. Ndiye anayambitsa zonsezi. Asilikali anamugwira ndi kalata m'mtolo, nsalu zake zili pachingwe. Anamufunsa mayina athu masiku asanu ndi anayi, sanatchule ngakhale limodzi. Anafera momwemo, mwana wanga. Iweyo amayi ako anali asanakwatiwe n'komwe."

Nyumba ija ilipo. Denga analikonza, ndipo mwezi wamawa kalasi lathu likupita kukaona. Azakhali anakana kuti zizindikirozo azijambulire pachikwangwani cham'mwamba. Anangomanga kasitepe kosalala m'mbali mwa khoma, ndipo aliyense wofuna kuwerenga mayinawo, kaya ndi bwana wa taye, amagwada. Kodi inuyo, mutauzidwa kuti muzokote chizindikiro chanu pamenepo, asilikali ali pakhomo, msomali uja mukanautola?