Mbale Ziwiri za Bambo Balisi

Madzi oyamba Mathilda anawapeza Lolemba madzulo, pakati penipeni pa balaza. Nyumbayo inali pansanjika ya nambala 19 ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, ndipo denga silinkadontha. Atakolopa, nsanza yokolopera inanunkha matope a kumtsinje.

Ntchito yake inali yosamalira Bambo Edwin Balisi, nkhalamba ya ku Philippines yomwe inkakhala yokha. Mathilda, mayi wa ku Ntcheu, anali munthu wosapirira kuona chinthu chili posayenera. Sabata yapitayo anali ataona kuti madzulo aliwonse nkhalambayo imaika kambale ka mpunga pawindo la kum'mawa, kena ka buledi pawindo la kumadzulo. Anamva chisoni poona ikudzikoka ndi ndodo uku ndi uku, choncho Lamlungu, iyo itagona, anatenga timbale tonse n'kutiika pamodzi patebulo. Kwawo chakudya cha alendo sachimwaza m'makona.

Lachiwiri madzi anabweranso. Joan, mwana wa nkhalambayo, anawaponda ndi sokosi.

"Adadi ayamba kutaya madzi akumwa pansi, tsiku lina aterereka," anatero monong'ona kukhitchini. "Ndibwera Lachisanu. Ndikapezanso ponyowa, akupita kunyumba yosungirako okalamba."

Bambo Balisi anamva. Nkhope yawo inagwa, ndipo Mathilda mtima unamuwawa, chifukwa ankadziwa kuti munthuyo sanakhudze kapu tsiku lonse.

Lachitatu, mwezi wa Disembala uja mdima umagwa faifi isanakwane, nkhalambayo itakagona, Mathilda anali akusamutsira timbale patebulo muja anazolowera tsopano. Apo m'pamene anamva nkhafi. Zinkalowa m'madzi ndi kutuluka pang'onopang'ono, zambirimbiri, mogwirizana, ngati zikuchokera kuseri kwa khoma kumene ankadziwa kuti kulibe china koma mphepo ndi chipale chofewa. Kenako panamveka kulira kwa chingwe chokokedwa, ndi chitsulo chikukhudza chitsulo chinzake. Fungo la onga wa mfuti linadzaza m'nyumba. Anaimbira Anastazia, mnzake wa kutchalitchi, koma mawu anatuluka ochepa.

"Asisi, ndikumva mabwato."

"Mabwato ku Scarborough? Mwaovawekatu inu, kapumeni. Kapena ndi mapaipi a hita."

Lachinayi madzulo Bambo Balisi anadzuka n'kutuluka kuchipinda mofulumirirapo, ndipo anaona timbale tija patebulo.

"Mwawakhazika pamodzi," anatero chapansipansi.

Anakhala pampando n'kufotokoza monga anamvera kwa agogo awo. Zaka zoposa mazana anayi zapitazo, asilikali a ku Spain anabwera ndi zombo pamathiriro a mtsinje wa Cagayan kudzathamangitsa achifwamba apanyanja a ku Japan omwe anamanga misasa kumeneko. Anamenyana pamadzi ndi pagombe, awa ndi mfuti, awo ndi malupanga aatali. Makolo a Bambo Balisi anali asodzi chabe. Kutacha anapeza mitembo ya mbali zonse ziwiri itakodwa m'maukonde awo, ndipo anaiika m'manda, ena tsidya lino, ena tsidya linalo.

"Onsewo anafera kutali ndi kwawo, opanda wowalira. Ndiye banja lathu limawadyetsa. Mpunga wa achifwamba, buledi wa asilikali. Koma sadyera pamodzi, mayi. Sanagwirizanebe."

Asanamalize, magetsi anachita chizimezime. Madzi anatumphuka pakapeti, ozizira, mpaka kufika m'akakolo. Mathilda anaona mdima wa pabalaza ukutambasuka ngati dambo, ndipo m'menemo munali nyali zikugwedezeka pamwamba pa milongoti, ndi mawu a amuna akuitanizana m'zilankhulo ziwiri zomwe sankazidziwa. Mantha anali nawo, komabe chomwe chinamugwira kwambiri chinali kuzizwa. Anthu ochuluka chonchi anatsatira nkhalamba imodzi kuwoloka nyanja, chifukwa cha mpunga wodzaza sipuni zitatu.

"Miyendo yanga siifika msanga," anatero Bambo Balisi. "Mupite ndinu mukatibwezere m'mawindo."

Mathilda ananyamula mbale ya mpunga ndi manja awiri, monga amaperekera chakudya kwa akuluakulu, nadutsa m'madzimo. Pawindo la kum'mawa anagwada pang'ono n'kuiika. Anabwerera, natenga ya buledi. China chake chonyowa chinamukhudza pachigongono, ngati munthu akumupatsa njira. Atangoiika pawindo la kumadzulo, nkhafi zija zinayamba kutalikira, zina kumanja, zina kumanzere, mpaka kunangotsala kulira kwa firiji.

Lachisanu Joan anayenda m'nyumba monse ndi sokosi zake. Pansi panali pouma gwa.

"Chabwino, akhale," anatero, ndipo anapita kukaimika bwino galimoto.

Mathilda anapita kukachotsa timbale ta dzulo kuti akataye chakudyacho monga mwa masiku onse. Tonse tiwiri tinali mbee, popanda ngakhale kanjere kamodzi. Anakaonetsa Bambo Balisi.

Nkhalambayo inatiyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikuwaikira, sanadyepo," inatero. "Nkhondo ya dzulo ija yawapweteka ndi njala. Lero muwonjezereko mpunga, mayi, koma muike potalikirana."