Mlatho wa Mapesi wa Elifala

Elifala ankakhala ku Bowe. Anali ndi ngolo yaing'ono. Ngoloyo anapanga yekha. Anaipanga ndi mapesi. Matayala ake anali zitsekero za mabotolo.

Kuseri kwa nyumba kunali ngalande. Elifala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti ngolo yake iwoloke ngalandeyo.

Koma panali vuto. Vutolo linali wezulo.

Wezuloyo anabwera ndi amalume ake, a Bryson. A Bryson ankayendetsa lole yaikulu. Anafika nayo ku Joni. Anafika nayo ku Beira. Tsopano anali kumudzi, kudzapuma.

Ana akaweruka kusukulu, a Bryson ankaliza wezulo.

Pyee! "Nonse pamzere!"

Pyee! "Thamangani!"

Pyee! "Imani! Dumphani!"

"Ine ndayenda, ana inu," ankatero a Bryson. "Ndaona mabwalo akuluakulu. Kunja ana amasewera mwadongosolo."

Ana ankathamanga. Ana ankaima. Ana ankadumpha. Kenako dzuwa linkalowa. Ngolo ya Elifala inkangokhala pakhonde.

Tsiku lina Elifala sanaime pamzere. Anapita kwa amalume ake. Anagwada.

"Amalume, lero ndikupempha kusewera."

"Iwe mphwanga!" anatero a Bryson. "Nanga apa tikutani? Si kusewera kumeneku?"

"Kumeneku ndi kusewera kwanu, amalume. Ine ndili ndi kwanga."

"Kwakoko ndi kotani?"

"Ndikufuna kumanga mlatho."

"Mlatho? Umanga ndi chiyani?"

"Ndi mapesi."

A Bryson anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mapesi! Chakudya cha mbuzi!"

Elifala sanaseke. Anangodikira.

"Chabwino," anatero a Bryson. "Manga mlatho wakowo. Ngolo ikawoloka dzuwa lisanalowe, masana onse ndi anu. Ikapanda kuwoloka, mawa nonse pamzere."

"Ndavomera, amalume."

Elifala anathamangira kumunda. Anzake Luckness ndi Takondwa anamutsatira. Chimanga chinali chitakololedwa. Mapesi anali mbwee! Ana anatola mapesi aatali. Anawanyamula pamutu.

Elifala anagoneka mapesi awiri pangalande. Anaikapo ngolo.

"Dikira," anatero Takondwa. "Ngolo yopanda katundu si ngolo."

Takondwa anadzaza miyala m'ngolomo. Elifala anakoka chingwe. Ngolo inayenda pang'ono. Kenako inagwa. Khu!

"Ndiyesanso," anatero Elifala.

Anagoneka mapesi ambiri. Anakoka chingwe. Mapesi anagubuduka. Ena uku, ena uko. Ngolo inagwanso. Khu!

"Ndiyesanso," anatero Elifala.

"Mapesiwa akuthawana," anatero Luckness. "Tiwamange pamodzi."

Luckness anakasenda luzi. Ana anamanga mapesi ndi luzi. Anamanga mbali iyi. Anamanganso mbali inayo.

Apo panabwera mbuzi. Inanunkhiza mlatho. Inaluma phesi limodzi.

"Choka, wakuba iwe!" anakuwa Takondwa. "Sunalipire msonkho!"

Mbuzi inathawa phesi lili kukamwa. Ana anaseka. Anaikapo phesi lina.

Elifala anakoka chingwe. Ngolo inayenda. Inayenda bwino. Inafika pakati. Pamenepo mlatho unapindika. Unapindika, unapindika. Thyo! Unathyoka.

Dzuwa linali litapendeka. Elifala anayang'ana ngolo yake. Tayala limodzi linali litaguluka. Misozi inalengeza m'maso mwake.

A Bryson anabwera pafupi. Anapinda manja a malaya.

"Ndipatse kuno, mphwanga. Ine milatho ndimaidziwa. Ndawoloka Zambezi ndi lole yodzaza. Ndikumangira pompano."

Elifala anapukuta maso.

"Zikomo, amalume. Koma musandimangire."

"Bwanji? Nthawi ikutha."

"Mukamanga inu, mlatho ukhala wanu."

A Bryson anabwerera m'mbuyo. Anakhala pansi pamwala. Manja awo ankayabwa. Anawaika m'matumba.

Elifala anabwezera tayala. Anamanga mlatho wina. Koma sanaikepo ngolo. Anatsikira m'ngalande. Anagona chagada. Anayang'ana mlatho kunsi kwake.

"Ukugona?" anafunsa Luckness.

"Ayi. Ndikuganiza."

"Amaganiza ndi msana," anatero Takondwa.

Elifala anatembenuza mutu. Anaona chigafa cha bambo ake, moyanikira fodya. Denga la chigafa linali lalitali. Koma silinkapindika. Linkakhala pamitengo ya mphanda.

Elifala anadzambatuka.

"Mphanda! Tifune timitengo ta mphanda!"

Ana anabalalika. Luckness anapeza kamodzi. Takondwa anapeza kena. Elifala anakumba timaenje pakati pa ngalande. Anazika timitengoto. Anaikapo kamtengo kopingasa. Tsopano mlatho unali ndi miyendo.

Dzuwa linali litafiira. Linali pamwamba pa phiri.

Takondwa anadzaza miyala. Elifala anagwira chingwe. Anakoka pang'onopang'ono.

Ngolo inayenda. Kwi, kwi, kwi.

Inafika pakati. Ana onse anayang'anitsitsa.

Mlatho sunapindike.

Kwi, kwi, kwi. Ngolo inafika tsidya lina!

"Yawoloka!" anakuwa Luckness.

"Yawoloka!" anakuwa Takondwa.

Koma amene anakuwa kwambiri anali a Bryson. Analumpha pamwala. Ananyamula Elifala m'mwamba.

"Mwaona? Mphwanga ameneyu! Ndayenda ine, koma mlatho wa mapesi sindinauonepo. Masana ndi anu, ana inu!"

Tsiku lotsatira ana ataweruka, kunalibe mzere. Luckness anatsegula msika pafupi ndi mlatho. Ankagulitsa tomato wa dothi. Takondwa anakhala wapolisi wa pamsewu. Ana ena anakumba msewu wopita ku Mponela. Palibe anawauza chochita.

A Bryson anaima pambali. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anatsokomola.

"Mphwanga, nanga ine ndikhala ndani?"

Elifala anaganiza pang'ono.

"Ngolo ilibe ng'ombe, amalume."

A Bryson anavula nsapato. Anagwada pansi. Elifala anawamangirira chingwe palamba.

Amayi a Elifala anatulukira ndi mtolo wa nkhuni. Anaima.

"Achimwene! Mukutani pansipo?"

"Ndili pantchito, mlongo," anatero a Bryson. "Ndine ng'ombe. Ng'ombe yamphamvu kuposa zonse m'Dowa muno. Mooo!"

"Ng'ombe siilankhula, amalume," anatero Elifala. "Tiyeni, kokani!"

Ng'ombe inakoka. Amayi anatula nkhuni. Anaseka mpaka kukhala pansi.