Bambo wa Mumchenga

Tinapita ku Skelby Loweruka lina kumapeto kwa nyengo yotentha, ine ndi mwana wanga Bryony. Panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anali atatisiya chaka chomwecho, ndipo ndinkangofuna kuti mwanayo asekeko, ngakhale tsiku limodzi.

Anthu a ku Skelby ndi abwino mtima, zimenezo sindingabise. Mbalame ya kunyanja itatsomphola tchipisi m'manja mwa Bryony, bambo wogulitsa anamupatsa china chaulere. "Mbava za kuno zimauluka, mayi," anatero akuthira viniga. Gogo wina anatisunthira pa benchi kuti tibisale mphepo. Mayi Pickersgill, amene amakweza ana pa abulu, anamuyendetsa Bryony kawiri, chifukwa ulendo woyamba buluyo anangoima n'kumakodza.

Masana gombe linadzaza. Paliponse ana ankakwirira abambo awo mumchenga mpaka m'khosi, abambowo akunamizira kukuwa. Bryony anaima ndi kafosholo kake, kumangoyang'ana. Ndinamuuza kuti andikwirire ineyo. Anapukusa mutu.

"Okwiriridwa amakhala abambo," anatero.

Chakumadzulo anthu anayamba kupinda mipando yawo. Nyanja inali itaphwera kutali moti madzi sankaoneka, kunali mchenga wonyowa wokhawokha. Bryony anapempha kuti titoleko tizigoba tisanakakwere sitima yapamtunda. Tinayenda. Tinayendabe. Chifunga chinafika mwakachetechete, ndipo nditacheuka, magetsi a m'tauni ankaoneka ngati makala ozilala.

Pamenepo ndinamva mawu.

"Pepani, mayi. Pepani kukuvutitsani."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu. Bryony anandikoka diresi n'kuloza pansi.

Panali mutu pamchenga. Bambo wachikulire ndithu, wometa bwino ndevu, pamutu atavala kampango komanga m'makona, monga ankachitira agogo athu padzuwa. Anamwetulira mwamanyazi.

"Ana angawa," anatero. "Athamangira ayisikilimu, basi andiiwala. Mungandifukuleko pang'ono? Ngati simukufulumira."

Ndinaseka. Munthu waulemu chonchi ungamukanire bwanji? Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Bryony anagwada mbali inayo ndi kafosholo, nkhope itawala koyamba tsiku lonselo.

"Musaope, amalume," anatero. "Ine ndimadziwa kukumba."

"Ndikuona. Kamwana kabwino."

Mchenga unali wolimba, wozizira ngati wochokera mufiriji. Ndinafukula. Khosi. Ndinafukulabe mpaka dzanja langa linalowa kufika pachigongono. Khosi lokhalokha. Mapewa sindinawapeze.

"Zikomo kwambiri," ankangotero. "Ndinu okoma mtima. Zikomo."

Akamayankhula, madzi ankatsika pang'ono m'mbali mwa pakamwa pake.

Ndinaleka kukumba. Ndinayang'ana mchenga wotizungulira. Mapazi analipo anga ndi a Bryony okha. Kwina konse kunali kosalala, monga nyanja inausiyira, ndipo timizere ta mafunde tinkafika mpaka pachibwano chake. Palibe mwana amene anaponda pamenepo chiphwerereni madzi.

Ndiye ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Tsiii. Madzi. Nyanja ya kumeneko sibwera chakutsogolo, imazungulira m'makwawa n'kukutsekera njira. Pakati pa ife ndi tauni panali patayamba kale kamtsinje.

"Bryony, tiye."

"Amayi, tatsala pang'ono!"

"Tiye, ndati."

"Pitiriza, mwanawe," anatero bamboyo mofatsa. Sankayang'ananso ine. Ankayang'ana mwana wanga. "Pang'ono pokha. Usandisiye ngati enawo."

Mpaka lero ndimadabwa nazo. Madzi akundinyambita mapazi, ine ndinali chiimire kumapepesa. "Pepani, bambo, tikaitana anthu. Pepani kwambiri." Manyazi osiya munthu anandigwira miyendo kuposa mantha.

Chimene chinandidzutsa ndi belu la bulu, kenako mawu aukali a Mayi Pickersgill m'chifungamo.

"Inu otola zigoba! Mwapenga? Tsatani beluli, msanga!"

Ndinamunyamula Bryony. Anandimenya mateche, anandiluma paphewa, anakuwa mawu ena chakumbuyo amene sindinawamve. Pakamtsinje paja madzi anandifika m'ntchafu, akukoka ngati ali ndi manja. Sindinacheuke. Kumbuyo kunkangomveka mawu aja, osakweza ngakhale pang'ono. "Pepani, mayi. Mayi? Pepani."

Mayi Pickersgill anatikokera pamasitepe a khoma lotchinga nyanja. Anachotsa bulangete pamsana pa bulu n'kumufunditsa Bryony. Ine anandipatsa tiyi wa m'fulasiki yawo.

"Kuli munthu uko," ndinatero. "Itanani anthu a boti lopulumutsa, chonde!"

Sanasunthe. "Wa kampango pamutu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Anthu a boti anatopa naye. Amapita, sapeza kanthu." Anatsitsa mawu kuti mwana asamve. "Amayi anga ankati ana a bamboyo atamukwirira anakachedwa ku makina a masewera m'tauni. Pobwerera, madzi anali atadzaza. Sakwiyira munthu, mukudziwa. Amangopempha. Kuopsa kwake n'kumeneko." Anandiyang'ana m'maso. "Simunamulonjeze kuti mubweranso, eti?"

"Ndinati tikaitana anthu."

"Mwaitana, ndine pano. Zimenezo zatha. Koma wolonjeza kubwerera amabwereradi. Mtsikana wina tinamupeza m'mamawa atagwada pomwepo, akukumba, madzi ali m'chiuno. Wina sitinamupeze." Anasisita khutu la bulu. "Pitani kwanu, mayi. Chaka chamawa mukapite kumapiri."

Anatiperekeza mpaka kusiteshoni, abulu akutsatira. Bulangete anakana kuti tibweze.

M'sitima Bryony anatsamiritsa chipumi pawindo. Ndinkaganiza kuti wagona. Titadutsa siteshoni yachiwiri anandigwira dzanja, ngati iye ndiye wamkulu.

"Amayi, musalire," anatero. "Amalume aja sadandaula. Ndawauza kuti andidikire, ndibweranso."

Papita zaka ziwiri. Za Skelby Bryony sazitchula, ndipo inenso sindizitchula. Koma usiku ndikalowa kukamufunditsa, ndimapeza manja ake akukanda matiresi pang'onopang'ono, ali m'tulo. Mwezi wamawa kalasi yawo ikupita kunyanja ina, ndipo ndakana. Aphunzitsi akuti ndimamutchinjiriza kwambiri. Bryony sanalire, sanakangane nane n'komwe.

Dzulo, tikudutsa pasiteshoni pochokera kusukulu, anaima n'kuyang'ana njanji nthawi yaitali.

"Amayi," anatero, "mwana amaloledwa kukwera sitima yekha ali ndi zaka zingati?"