Spencer Apita Liti ku Sukulu?

Alefa anali mtsikana wa Sitandade 2. Ankakhala ku malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Chitakale. Alefa ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kumapita ku sukulu ndi mchimwene wake wamng'ono, Spencer.

M'mawa uliwonse belu la esiteti linkalira. Abambo ankapita ku fakitale. Amayi ankabereka dengu lalikulu n'kupita kukathyola tiyi. Alefa ankatenga sileti yake. Spencer ankatsala.

Ankatsala pakhonde, atafunda chitenje cha amayi. Pambali pake pankakhala mbale ya chinangwa chophika. M'mawa chinangwa. Masana chinangwa. Mawa lakenso chinangwa.

Spencer sanali khanda ayi. Anzake obadwa nawo chaka chimodzi anali atayamba kale sukulu. Koma iye anali wochepa thupi. Miyendo yake inali yowonda ngati bango. Tsitsi lake linali lofiirira. Akayenda pang'ono, ankakhala pansi.

Njira ya ku sukulu inkadutsa m'munda wa tiyi. Inkakwera kachitunda. Inkawoloka kamtsinje. Ana ankayenda awiriawiri. Edna ankanyamulira mng'ono wake sileti. Winston ankathamangitsana ndi mng'ono wake. Alefa ankayenda yekha. Ankacheuka, n'kucheukanso, mpaka khonde la kwawo litabisika.

Tsiku lina Spencer anati akufuna kungokaona sukuluyo. Alefa anakondwa. Anamusukusula kumaso. Anamuveka malaya. Ananyamuka onse awiri.

Anadutsa pa mpopi. Analowa m'munda wa tiyi. Atafika pa kachitunda, Spencer anaima.

"Achemwali, miyendo yakana," anatero Spencer.

Alefa anamudikira. Anamudikirabe. Miyendo inakanabe. Alefa anamubereka n'kubwerera naye kunyumba. Tsiku limenelo anafika ku sukulu mochedwa, misozi ili m'maso.

Pa geti la sukulu pankakhala abambo ena, a Pilato. A Pilato ankagulitsa maswiti ndi chingamu. Nthawi yopuma ikakwana, ana ankathamangira komweko. Masiku ena Edna ankagawira Alefa switi imodzi.

Alefa sankaidya switiyo. Ankaikulunga m'tsamba. Ankaiika m'thumba la diresi. Ankakapatsa Spencer. Ankaganiza kuti chinthu chokoma chonchi chimupatsa mphamvu.

Spencer ankaikonda switi. Ankainyambita pang'onopang'ono. Koma miyendo inkakanabe.

Pa sukulupo panali mtsikana wamkulu, dzina lake Marjory. Anali wa Sitandade 7. Tsiku lina Marjory anaona Alefa akukulunga switi. Anamufunsa chifukwa chake. Alefa anamuuza zonse. Anamuuza za khonde. Anamuuza za kachitunda. Anamuuza za tsitsi lofiirira.

Marjory sanaseke. Anakhala pansi pafupi naye. Anati iye ndi anzake aphunzira za zakudya m'kalasi mwawo. Anati Lachisanu lililonse amaphunzitsa ana ang'onoang'ono pansi pa mtengo wa mango.

"Ubwere Lachisanu," anatero Marjory. "Palibe aphunzitsi, palibe chikwapu. Timakhala tokhatokha."

Lachisanu linachedwa kufika. Litafika, Alefa anakhala kutsogolo kwenikweni.

Marjory anatola kamtengo. Anajambula pansi mbale zitatu zikuluzikulu. Anzake anabwera ndi zakudya m'lichero.

M'mbale yoyamba anaikamo chinangwa, mbatata ndi chimanga. Anati izi zimapatsa mphamvu.

M'mbale yachiwiri anaikamo nandolo, mtedza, matemba ndi dzira. Anati izi zimakulitsa thupi.

M'mbale yachitatu anaikamo bonongwe, papaya ndi nthochi. Anati izi zimateteza ku matenda.

Kenaka ana onse anaimba, akuwomba m'manja:

Cha mphamvu, idya.
Chokulitsa, idya.
Choteteza, idya.
Zitatu, zitatu, tsiku lililonse.

Winston anafunsa kuti switi ilowa m'mbale iti. Marjory anati switi ilibe mbale. Imakomera lilime, koma thupi limatsala ndi njala. Ana anaseka. Alefa sanaseke. Anagwira thumba la diresi lake.

Anzake atabalalika, Alefa anatsalira. Anajambula mbale zitatu zakezake. Anaganizira zimene Spencer amadya. Anaika kamwala m'mbale yoyamba. Anaganizanso. Mbale yachiwiri inalibe kanthu. Mbale yachitatu inalibe kanthu. Alefa anaziyang'ana nthawi yaitali.

Madzulo amayi anabwera atatopa. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa tiyi. Alefa anawatungira madzi. Kenaka anawapempha kuti Spencer azidya nandolo ndi mazira.

Amayi anapukusa mutu. Anati nandolo wa kadimba kawo ndi wokagulitsa ku Chitakale. Anati mazira si a ana. Iwo anauzidwa choncho ali aang'ono. Amayi awonso anauzidwa choncho.

"Wakhuta chinangwa mwanayu," anatero amayi. "Akula, usadandaule."

Alefa anachokapo. Anakakhala pakhonde pafupi ndi Spencer. Anamuphunzitsa nyimbo ya ku sukulu. Spencer anaimba ndi mawu ang'onoang'ono.

Kenaka kunabwera chiperoni. Phiri la kufupi ndi kwawo linabisika m'nkhungu. Mvula yowaza inagwa osaleka. Kunazizira. Spencer anayamba kutsokomola. Mapazi ake anatupa. Chinangwa anachikana. Switi nayonso anaikana.

Amayi anachita mantha. Sanapite kukathyola tiyi. Anabereka Spencer n'kupita naye ku chipatala. Spencer anagonekedwa konko.

Khonde linakhala lopanda munthu. Alefa ankabwera kuchokera ku sukulu n'kupeza zii. Panalibe womufunsa kuti kusukulu kunali bwanji. Panalibe woimba naye. Ankakhala pamalo a Spencer, n'kumayang'ana kumsewu.

Ankafunsa abambo kuti, "Spencer abwera liti?"

Abambo ankati, "Abwera, mwanangu. Abwera."

Tsiku lina masana anabweradi. Spencer anali kumsana kwa amayi. Chifuwa chinali chitatha. Mapazi anali ataphwa. Koma anali wopepuka ngati mwanapiye.

Amayi anamukhazika pamphasa. Kenaka anaitana Alefa. Anati anamwino a ku chipatala awauza kuti mankhwala okha sakwanira. Mwanayu afunika chakudya chakasinthasintha.

"Alefa," anatero amayi, "zija unkanena zija, tandionetsa."

Alefa anatola kamtengo. Anajambula mbale zitatu pabwalo. Anachita monga ankachitira Marjory. Iyi ya mphamvu. Iyi yokulitsa. Iyi yoteteza. Amayi anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anafunsa kuti nkhwani ulowa pati. Anafunsa kuti peyala lilowa pati. Zimene Alefa sankadziwa, anati akafunsa Lachisanu.

M'mawa mwake amayi anadzuka belu lisanalire. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Anapita kukhola la nkhuku. Anaimirira pakhomo pa khola, akuganiza. Kenaka anatola dzira limodzi n'kuliphika. Analisenda okha. Anampatsa Spencer.

Spencer analinunkhiza. Analuma pang'ono. Analumanso. Analimaliza lonse.

Nandolo nayenso sanapite yense ku Chitakale. Wina anatsala m'nyumba.

Ku sukulu, Alefa anauza Marjory zonsezi. Marjory anaitana anzake. Anati ana ngati Spencer alipo ambiri ku malayini. Onse pamodzi anapita kwa aphunzitsi aakulu. Anapempha malo kuseri kwa makalasi. Aphunzitsi aakulu anavomera.

Ana analima. Ana anadzala. Anadzala bonongwe, mpiru, nandolo ndi mapapaya. Ankatunga madzi ku kamtsinje ndi zitini. Alefa ankathirira bedi lake m'mawa. Ankalithiriranso poweruka. Ankati bedi ili ndi la Spencer.

Anawo anapitanso kwa a Pilato pa geti. Anawapempha mwaulemu kuti azibweretsako nthochi ndi mtedza wokazinga. A Pilato anakanda mutu. Anati ana sangagule zimenezo. Koma sabata yotsatira anabwera ndi phava la nthochi. Linatha nthawi yopuma isanathe. Kuyambira pamenepo, nthochi zinkakhala kutsogolo, maswiti kumbuyo.

Ndiwo zitakula, mwana aliyense ankatenga kamtolo Lachisanu. Alefa ankathamanga nako kunyumba. Amayi ankatendera ndiwozo. Spencer ankanyambita zala.

Spencer sanachire tsiku limodzi. Alefa ankadikira. Ankayang'ana miyendo yake m'mawa. Ankayang'ananso madzulo. Inkaoneka chimodzimodzi.

"Achemwali, ndipita liti ku sukulu?" Spencer ankafunsa.

"Posachedwa," Alefa ankayankha. Koma iyenso sankadziwa.

Miyezi inapita. Tsiku lina Spencer anayenda yekha mpaka pa mpopi. Tsiku lina anafika kumapeto kwa malayini. Tsiku lina anathamangitsa nkhuku za a neba mpaka anakalipidwa. Amayi anapepesa, koma akumwetulira. Tsitsi latsopano linamera. Linali lakuda bii.

Chaka chatsopano cha sukulu chinafika. Abambo anabweretsa kabudula wa khaki. Anali wamkulu pang'ono. Amayi anamumanga ndi kachingwe m'chiuno. Anakulunga mbatata ndi mtedza m'tsamba la nthochi, mitolo iwiri.

Alefa ndi Spencer ananyamuka. Anadutsa m'tiyi. Anakwera. Anawoloka. Anafika.

Ana atsopano anaima pamzere. Aphunzitsi aakulu ankauza mwana aliyense kuti adutsitse mkono pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wogwira khutu ankalowa. Wolephera ankabwerera kukadikira chaka chamawa.

Nthawi ya Spencer inakwana. Alefa anayang'anitsitsa. Marjory anaima pambali pake. Spencer anakweza mkono. Anautambasula. Anautambasulabe. Zala zinakhudza khutu.

"Lowa," anatero aphunzitsi aakulu.

Madzulo onse anakhala pamphasa pabwalo. Abambo anasenda papaya. Amayi anafunsa Spencer kuti kusukulu kunali bwanji. Spencer anati kunali kwabwino. Anati anaimba. Anati analemba pansi ndi chala. Anati anathirira ndiwo.

"Nanga miyendo yatopa?" anafunsa abambo.

"Miyendo ayi," anatero Spencer. "Latopa ndi dzanja. Achemwali analigwira njira yonse, popita ndi pobwera. Sanalisiye ngakhale pang'ono."

Abambo anaseka. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Alefa anatenga dzanja lotopalo n'kuliika pamiyendo pake.

"Uzolowere," anatero Alefa. "Mawanso sindilisiya."