Kaphuma ndi Njere Zobwereka

Panali kamtsikana kena kamene anthu ankakatcha Kaphuma. Inu, mwana ameneyu anali ndi phuma! Kudya, phuma. Kusamba, phuma. Ngakhale nsapato ankavala akuthamanga.

Kaphuma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna duwa lakelake. Koma kwawo kunalibe dimba. Kunali kakhonde basi. Pakhondepo bambo ake ankasoka zovala, chifukwa anali telala.

Kumapeto kwa msewu wawo kunali laibulale. Sinali laibulale wamba ayi. M'kati munali mabuku. Kuseri kunali mitengo, dimba ndi kadziwe ka achule. Kaphuma ankakonda malo amenewa kwabasi.

Tsiku lina anaona mabotolo pa shelefu. M'mabotolomo munali njere.

"Amayi, kodi izi ndi zogulitsa?" Kaphuma anafunsa amayi oyang'anira laibulale.

"Ayi mwanawe, timabwereketsa," amayi aja anayankha. "Buku umawerenga, n'kubweza. Njere umadzala, n'kukolola, n'kubweza. Ukabweza, mnzako amabwerekanso."

Kaphuma analoza botolo la mpendadzuwa. Munatsala njere zitatu zokha.

"Ndi zomaliza zimenezi," amayi aja anatero. "Ukazisamale."

"Ndikazisamala!" Kaphuma anatero. Anali atafika kale pakhomo.

Kunyumba bambo ake anamupatsa ndowa yakale yobooka. Kaphuma anathiramo dothi. Anadzala njere imodzi. Anathirira madzi.

M'mawa anathamangira ku ndowa. Zii! Palibe chamera.

"Kodi ikutani pansipo?" Kaphuma anadzifunsa. Anapisa chala m'dothi. Anafukula njere ija. Anaiyang'ana, n'kuikwiriranso.

Mawa lake anafukulanso. Mkuja wake anafukulanso. Tsiku lina muzu waung'ono woyera unathyokera m'manja mwake. Njere ija inafa.

Kaphuma anadzala yachiwiri. "Iyi yokha sindifukula," anatero. Koma aa, zala zinamuyabwa! Anafukula pang'ono. Kenako anafukulanso pang'ono. Nayonso inafa.

Tsopano inatsala imodzi.

Kaphuma anachita mantha. Akapha iyinso, adzabweza chiyani? Botolo lidzakhala lopanda kanthu. Anzake sadzabwereka. Mwina amayi aja sadzamubwereketsanso chilichonse, ngakhale buku.

Kaphuma anasiya kupita ku laibulale. Ankadutsa tsidya lina la msewu, atazolika. Kunyumba ankangokhala ndwii.

Bambo ake anaimitsa makina osokera.

"Iwe Kaphuma, lero sukuthamanga. Wadwala?"

"Ayi, Ababa."

"Nanga bwanji nkhope yakwinyika ngati malaya osasita?"

Kaphuma anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatuluka. Anatambasula dzanja. Munali njere yomaliza ija.

"Ndapha ziwiri, Ababa. Ndimangofuna kuona zimene zikuchita pansi."

Bambo ake anamupukuta misozi ndi chala. "Pepa mwana wanga. Ine ndimadziwa singano, za njere sindizidziwa. Tiye tikafunse eni ake."

Anagwirana manja mpaka ku laibulale. Kaphuma anaima pamaso pa amayi aja. Anafotokoza zonse ndi timawu tapansipansi.

Amayi aja sanakalipe. Anagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Ndiye kuti umafuna kuona?" anamufunsa.

"Eya."

"Kufuna kuona si kulakwa. Koma njere siifuna kusokonezedwa. Tabwera kuno."

Anapita naye pawindo. Panali botolo lagalasi. M'kati munali kansalu konyowa. Pakati pa kansalu ndi galasi panali nyemba. Muzu wake unkaoneka bwinobwino!

"Ogo!" Kaphuma anafuula. "Ikuoneka popanda kufukula!"

"Ee," amayi aja anatero. "Maso aone, zala zipume."

Amayi aja anamubwereketsa botolo lina lagalasi. Kunyumba bambo ake anadula kansalu. Kaphuma anakanyowetsa. Anaika njere ija pambali pa galasi, pang'onopang'ono.

M'mawa anayang'ana. Zii! Zala zinayabwa. Kaphuma anazikhalira.

Mawa lake anayang'ananso. Zii! Zala zinayabwanso. Anazikhaliranso.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," bambo ake anatero, makina akulira.

"Kudekha n'kowawa, Ababa!" Kaphuma anadandaula.

Ndiye m'mawa wina njere ija inang'ambika. Muzu woyera unasuzumira.

"Ababa! Ababa! Yamera!"

Bambo ake anabwera ndi liwiro, tepi yoyezera ili m'khosi. Onse awiri anagunditsa mphuno pa galasi.

Muzu unatalika. Timasamba tiwiri tinatuluka. Kaphuma anachotsa kambewu kaja mosamala. Anakadzala mu ndowa. Ulendo uno sanafukule. Ankadziwa kale zimene zikuchitika pansi.

Mpendadzuwa unakula. Unafika m'mawondo mwa Kaphuma. Unakula. Unapitirira mutu wake. Unakula. Unapitirira ngakhale bambo ake! Pamwamba panatuluka duwa lachikasu, lalikulu ngati mbale. Anthu obwera kudzasoketsa zovala ankaima n'kumaliyang'ana.

"Duwa la ndani ili?" ankafunsa.

"Langa!" Kaphuma ankayankha. "Koma njere zake ndi za ku laibulale."

Patapita nthawi duwa linauma. Mbalame zinayamba kujompha njere. Bambo ake anasoka kathumba, n'kuveka duwalo ngati chipewa. Mbalame zinabwerera ndi njala yawo.

Tsiku lokolola linafika. Kaphuma ndi bambo ake anapukusa njere. Zinali zambirimbiri! Anaziika m'kathumba kaja, ulendo wa ku laibulale.

"Odi, Amayi! Ndabweza!" Kaphuma anatero.

Amayi aja anatsitsa botolo lopanda kanthu lija. Kaphuma anayamba kuthira. Botolo linafika pakati. Anathirabe. Linafika m'khosi. Anathirabe. Linadzaza tho! Njere zina zinatayikira pansi, kuti waa!

Ana amene ankawerenga anasiya mabuku. Onse anakwawa pansi pa matebulo kutola njere. Bambo ake nawonso anakwawa, mpaka anagunditsa mutu ku shelefu. Aliyense anaseka.

Kaphuma anaima pafupi ndi amayi aja. Anafunsa mwamanyazi.

"Amayi, kodi ndingabwerekenso?"

"Bwereka mwanawe," amayi aja anatero. "Sankha botolo lililonse."

Kaphuma sanathe kufikira shelefu yapamwamba. Bambo ake anamunyamula, n'kumukhazika paphewa. Kaphuma anasangalala kwambiri. Anakumbatira mutu wa bambo ake ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo analoza botolo la maungu.

"Maungu? Pakhonde langa lija?" bambo ake anadabwa. "Nanga ine ndizisokera kuti?"

"Pansi pa masamba, Ababa!"