Madontho Ofiira Pansi pa Galimoto ya a Nedson

Amene anayamba kuwaona madonthowo ndi Rakele, ndipo akanadziwa akanangosesa n'kusunga pakamwa pake. Unali m'mawa wa mwezi wa Julaye, chisanu cha ku Ntchisi chikuluma zala, iye akusesa m'chisakasa chimene a Nedson ankaimikamo galimoto yawo. Atawerama kuti alowetse tsache pansi pa galimotoyo, anaona timadontho titatu tofiira, tonyezimira, tosauma ngakhale kuti usiku wonse kunali mphepo. Anafunafuna nthenga poganiza kuti mwina vumbwe wagwira nkhuku, koma panalibe nthenga ngakhale phazi la chilombo.

A Nedson anali mwini esiteti ya fodya chakumtunda kwa Malomo, komanso tcheyamani wa chipani dera lonselo. M'zaka zimenezo munthu wotere sunkamuyang'ana m'maso. Ankati akangotsokomola, matenanti onse ankapisa m'matumba kuona ngati khadi ya chipani ilimo. Galimoto yawo yakuda anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo inkadabwitsa anthu chifukwa inalibe kilatchi. Inkasintha yokha magiya ngati ili ndi munthu m'mimba. Woiyendetsa anali Elifala, mwamuna wake wa Rakele, munthu wa mawu ochepa amene ntchito ya magalimoto anaiphunzirira ku Halale.

Chaka chimenecho ana a matenanti ankadwala matenda osadziwika mutu wake. Mwana ankangofooka, zikhatho n'kuyera ngati chinangwa chosenda, m'maso mopanda magazi. Awiri anali ataikidwa kale. Lidia, mwana yekhayo wa Rakele, wa zaka zinayi, nayenso anali atasiya kusewera, ankangokhala padzuwa atapinda timiyendo. Kuchitsime amayi ankanong'ona za anamapopa, anthu oyenda usiku ndi mabotolo, amene amakusiya ukupuma koma uli chikopa chokha.

"Amake Lidia, tandiuzani," anatero Sabina, mkazi wa kapitawo, amene khutu lake linkafika kumene phazi lake silinapondeko. "Galimoto zonse timaona dalaivala akulimbana ndi ndodo ija. Nanga iyi imasintha yokha, imadya chiyani?"

Rakele anaseka, koma kuseka kwa pamano. Za madontho aja anali asanauzeko munthu.

Usiku womwewo anadzidzimuka atamva kuti kumsana kwake kwazizira. Pamphasa Elifala panalibe. Kunja kunali mdima wandiweyani, mphepo ikusisita masamba a bulugamu, ndipo agalu a paesiteti, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete. Kenako anamva chitsulo chikugunda chinzake chakuchisakasa, mofewa, ngati wochitayo sakufuna kumveka: ngwe, ngwe. Panapita kanthawi. Ndiyeno panamveka chinthu chikudontha m'chitini, chochedwa kugwa, cholemera kuposa madzi. Elifala anabwera tambala asanalire, nagona mwakachetechete, akununkha kafungo kotsekemera kosakanikirana ndi chopserera. Kutacha, Rakele anapeza mkono wa ovolosi uli wofiira mpaka m'chigongono.

Anapirira usiku wachiwiri. Usiku wachitatu anamudikira atakhala tsonga mumdima.

"Abambo ake Lidia, magazi awa ndi a ndani?"

Elifala anatseka chitseko kaye, nakhala pafupi naye, n'kuyankha monong'ona. "Si magazi, ndi oyilo. Oyilo wa giyabokosi. Galimoto zosintha zokha magiya zimamwa wofiira."

"Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuchapa maovolosi anu. Oyilo ndimamudziwa ine. Ndi wakuda."

"Wakudayo ndi wa injini. Uyu ndi wina. Tamverani, amake Lidia. Buku lake limati asinthidwe pa mailosi zikwi makumi awiri ndi zinayi, koma bukulo analembera misewu ya phula. M'mapiri muno, ndi fumbi lathuli, ndi ngolo ya mabelo a fodya imene bwana amaikoketsa, ayenera kusinthidwa chaka chilichonse fodya akatha. Uyu watha zaka zitatu. Wada, akununkha chopserera, ndipo galimoto yayamba kuzengereza pachitunda."

"Nanga bwanji usiku, ngati wakuba?"

"Bwana anakana. Akuti chimene anatseka mzungu, dzanja la ine munthu wa kumudzi ku Nachisaka lisatsegule. Tsono ikadzafera panjira tsiku la msonkhano, iwo n'kuchedwa kukalandira akuluakulu, adzati wachita dala ndani? Mukudziwa kumene amapita anthu ochita dala. Ndiye ndikuchotsa pang'onopang'ono, botolo limodzi usiku umodzi, n'kuthiramo latsopano. Mnzanga wa kugalaja ku Lilongwe ndiye anandithirira m'mabotolo. Musauze munthu, chonde."

Elifala anali asanalankhulepo mawu ambiri chotero chikwatiranireni, ndipo kuchuluka kwa mawuwo ndi kumene kunamuopsa Rakele. Munthu wosalakwa, anaganiza choncho, safotokoza mpaka mailosi.

M'mawa mwake, Elifala atatenga a Nedson kupita ku boma, Rakele anafufuza nyumba yonse. Mabotolowo anawapeza padenga la khitchini, atakulungidwa m'chiguduli. Analibe pepala kapena chilembo. Ena anali ofiira bwino, oti ukawaloza kudzuwa kuwala kunkadutsa. Ena anali oderapo, ngati magazi a mbuzi ogonera. Mutu wake unalumikiza wokha zinthuzo: galimoto imamwa magazi atsopano, n'kulavula akale. Anayang'ana Lidia ali pakhonde, milomo ili mbuu.

Usiku wachinayi sanagone, anangotseka maso. Anamva ngwe, ngwe uja, anamva kudontha kuja, kenako mapazi akubwerera. Elifala sanapite pamphasa pawo. Anayatsa koloboyi, nagwada pamene panagona mwana. Rakele anamuona ndi diso limodzi akugwira kadzanja ka Lidia, akukatembenuza, akutsitsa chikope cha mwanayo ndi chala, akumugwira pakhosi nthawi yaitali. Chithunzithunzi chake pakhoma chinali chachikulu, chowerama. Atatero anausa moyo, nazimitsa nyali. Rakele analuma nsalu kuti asakuwe.

Kutacha, pakhosi pa Lidia panali chidindo cha chala, chofiira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Rakele sanafune kuti mwamuna wake aphedwe, tisamunamizire. Ankafuna munthu wina amuuze chochita, basi. Koma mwa anthu onse a paesitetipo anasankha Sabina, ndipo anapita ndi botolo m'nsalu.

Dzuwa lisanafike pamutu, matenanti anali atasiya ntchito. Anasonkhana kutsogolo kwa nyumba yaikulu, amuna atanyamula mipini, amayi amene anaika ana awo ali patsogolo, tsitsi losapesa. Mantha a zaka zonse anali atawathera tsiku limenelo. Dzina limene linkamveka m'khamumo silinali la dalaivala. Galimoto ndi ya ndani? Analemera bwanji msanga chotere? Mwala umodzi unagwera pamalata.

A Nedson anatuluka atavala jekete, osafulumira. Analandira botololo kwa Sabina, nalikweza kudzuwa, nalinunkhiza. Anyamata awo a chipani, a malaya ofiira, anali atamukoka kale Elifala kuchokera kuchisakasa, ndipo anamugwetsa pamapazi pawo.

"Bwana, auzeni anthuwa," anatero Elifala atagwada. "Inu mukudziwa. Tsiku logula galimoto mzungu anasolola kachitsulo koyezera, anakuonetsani, inu n'kufunsa chifukwa chake ndi wofiira. Ndalakwa kutsegula musanalole, koma auzeni kuti ndi oyilo."

A Nedson anayang'ana khamu, nayang'ana mipini, kenako anayang'ana munthu amene anawayendetsa zaka zisanu osawagwetsera m'ngalande ngakhale kamodzi.

"Ine za mabotolo sindizidziwa," anatero mokweza kuti onse amve. "Ine usiku ndimagona. Ndasunga njoka m'nyumba, abale anga, ndipo yandiluma pamodzi ndi inu. Pakanapanda mkazi wake yemwe, tikanatha tonse."

Zimene zinatsatira Rakele anaziona zonse, chifukwa amayi anamukankhira kutsogolo ngati munthu wolemekezeka. Khamulo linamumenya Elifala ndi mipini mpaka dzanja lamanja, lija logwira sipanala, linalendewera. Magazi ake anagwera pafumbi, fumbi n'kuwamwa. Pamene ankamuponya mu lole ya fodya, anamufunafuna mkazi wake ndi diso limene linali likuonabe. Rakele anayembekeza temberero, ndipo likanamupepukira.

"Mwanayo mupite naye kwa masisitere," anatero. "Magazi amuchepera. Ndimati ndipemphe galimoto Loweruka."

Lole inatsika chitunda. Ena anati yalowera kundende ya ku Dzaleka, ena anati sinafike n'komwe. Palibe anafunsa, pakuti masiku amenewo kufunsa kumene wapita munthu kunali kupempha kumutsatira.

Rakele anabereka Lidia, nayenda wapansi tsiku lonse mpaka kumishoni. Sisitere anayang'ana m'maso mwa mwanayo, nafunsa ngati amaponda opanda nsapato pamalo onyowa a kuseri kwa nyumba za matenanti. Anati ndi njoka za m'mimba zolowera kumapazi, zimene zimamwa magazi a mwana pang'onopang'ono. Anapereka mankhwala ndi timapiritsi tofiirira. Patatha milungu itatu Lidia anayamba kuthamangitsa nkhuku.

"Mwaona?" anatero Sabina kuchitsime. "Wangochoka mfiti uja, mwana wadzuka."

Rakele sananene za njoka zija. Mawu a Sabina ndi amene ankamugonetsa tulo, ndipo anawakumbatira. A Nedson, pofuna kuonetsa chifundo chawo, anamusiya m'nyumba yomweyo kuti azisesabe pabwalo.

Mwezi wa Okutobala, kukuyandikira msonkhano waukulu, a Nedson anaitanitsa makaniko wa ku Lilongwe dzina lake Agustino kuti aione galimoto. Rakele anali akusesa pomwepo. Agustino anatsegula boneti, nasolola kachitsulo kataliatali, nakapukuta pa kansalu koyera. Pakansalupo panatsala mzere wofiira. Anaununkhiza, nagwedeza mutu mokhutira. Kenako anatulutsa m'chikwama chitini chosindikizidwa bwino, cha zilembo za kufakitale, nachiboola ndi msomali, n'kuyamba kuthira. Chimene chinkatuluka m'chitinimo chinali chofiira, chonyezimira, chochedwa kugwa. Fungo lake linamupeza Rakele pamene anaima.

Tsache linagwa.

"Wachepa pang'ono chabe, ngati botolo limodzi," anatero Agustino. "Koma ndi watsopano ndithu. Amene ankaisamala galimoto iyi anali ndi manja, bwana. M'mapiri ngati ano ambiri amadikira za m'buku, giyabokosi n'kupsa. Muzisintha chaka ndi chaka monga ankachitira iyeyo. Ali kuti, ndimupatse moni?"

"Anapita kukapuma," anatero a Nedson.

Agustino atalowa pansi pa galimoto, Rakele anapezeka atayandikira, chinthu chimene anali asanachitepo. Mawu anatuluka okha, ang'onoang'ono.

"Bwana, munkadziwa."

A Nedson sanakwiye. Anachotsa kaudzu pa jekete yawo, nayankha motsitsa, ngati akumulangiza za mbewu.

"Anthu aja ankafuna munthu, mayi, ndipo galimoto ndi yanga. Ukanakhala iwe ukanatani? Komanso usaiwale, amene anatulutsa botolo ndi iwe. Ine ndinangobwereketsa lole. Tola tsachelo, fumbi likulowa mu injini."

Rakele anatola tsache.

Madzulo ake anatulutsa ovolosi ija pansi pa mphasa, imene anaibisa ngati umboni. Anali ataichapa kawiri m'madzi ozizira, ndipo banga linali pomwepo, lofewa, lonona m'zala. Anakumbukira magazi a Elifala tsiku lija, mmene fumbi linawamwera, mmene anadera dzuwa lisanapendeke, mmene ntchentche zinaunjikirana. Magazi amauma, amada, amaitana ntchentche, ndipo m'madzi ozizira amachoka. Mkazi aliyense amazidziwa zimenezi asanakwatiwe n'komwe. Madontho aja a m'chisakasa anagona usiku wonse pamphepo osauma, ndipo panalibe ntchentche ngakhale imodzi. Iye anaziona ndi maso ake m'mawa woyamba womwe uja.

Elifala sanabwerere. Panalibe kalata, panalibe maliro, ndipo Rakele sanamete. Galimoto inayenda bwino zaka zambiri, anthu n'kumaitama pokwera zitunda za ku Dowa ngati ikutsetsereka.

Chaka chotsatira, mabelo omaliza a fodya atachoka, Rakele anadzidzimuka usiku chifukwa agalu anali chete. Chakuchisakasa kunamveka chitsulo chikugunda chinzake, mofewa, koma mochedwa kuposa kale, ngati wogwira sipanalayo akugwiritsa ntchito dzanja lamanzere: ngwe, ngwe. Lidia anatembenuka pamphasa.

"Amayi, atate akumaliza botolo lija?"

Za botolo lotsala Rakele anali asanamuuzepo mwanayo. Anamufunditsa bulangete mpaka kumutu, iye n'kukhala tsonga kuyang'ana chitseko mpaka kunja kunayera. Kenako anatenga tsache, pakuti bwana sankakonda kupeza pabwalo posasesa.